Mawu a nthambi ya Marabastad: za makina ojambula mawere ndi tsamba latsopano m'buku lathu

 Amayi anzathu a kuno ku Pretoria ndi a ku Johannesburg, komanso inu amene mwachokera ku Blantyre, ku Lilongwe, ku Chipata, ku Tete ndi ku Harare, takulandirani ndi manja awiri. Ena mwa inu mwagona m'basi masiku awiri, mwaima pa mzere pa Mwanza, pa Nyamapanda ndi pa Beitbridge, miyendo ikadali yotupa. Ndiye sitikusungani kwambiri, mpunga ungazizire.

Ife a nthambi ya Marabastad atipatsa mpata woti tilankhule pa tsiku lalikululi. Ambiri mumayembekezera kuti tikamba za masheya ndi chiwongoladzanja, koma zimenezo asungichuma anena kale, ndipo anena bwino. Gulu lathuli ena amalitchula kuti banki m'khonde, a ku Zambia amati chilimba, a ku Mozambique xitique, a ku Zimbabwe mukando, eni dziko lino amati stokvel. Dzina lililonse limene mungalipatse, chimene chatisunga zaka zonsezi ndi buku. Randi iliyonse yolowa timalemba, yotuluka timalemba. Lero tikufuna kukamba za chinthu china chimene sitinkalemba, ndipo chinatitayitsa munthu. Nkhani yake ndi ya mawere. Abambo amene mwatiperekeza musatuluke, khalani pomwepo, inunso ikukukhudzani.

Ambiri mukumukumbukira mnzathu uja wa kunyanja, amene ankagulitsa zitenje ndi nsomba zouma pafupi ndi ife. Dzina lake sititchula, ana ake ali moyo ndipo kabukuka kadzafika kumudzi. Tsiku lina akusamba anamva kachotupa m'bere lakumanzere, kolimba ngati njere ya nyemba, kosapweteka. Anapita kukiliniki. Anamwino anamupima ndi manja, n'kumulembera kalata yoti akajambulitse kuchipatala chachikulu. Kalatayo anaipinda, anaiika pansi pa pasipoti m'kachikwama, basi.

Titamufunsa anati makina amenewo amawotcha. Anati azakhali ake anawatengera ku Lusaka kukawotchedwa, anabwera khungu la pachifuwa litada ngati pansi pa mphika, ndipo sanakhalitse. Anatinso anamva kuti makinawo akafinya bere chotupa chimaphulika n'kumwazikira m'thupi lonse. Amayi, apa ndi pamene pakutipweteka mpaka lero. Ife amene tinkadya naye m'mbale imodzi sitinamutsutse. Tinangoti, komadi zinthu za magetsizi n'zosadalirika. Wina anamupezera mankhwala a zitsamba, wina mafuta odzoza. Miyezi inapita. Pamene ankavomera kupita kuchipatala, bere linali litatsegula bala ndipo matenda anali atafika kale m'mafupa. Thumba la maliro linagwira ntchito yake: tinalipira bokosi, mapepala ndi ngolo, tinamuperekeza mpaka kwawo. Ndalama zonse zinalembedwa bwinobwino, palibe inasowa. Koma pobwerera m'basi muja palibe analankhula mpaka pa mlatho wa Tete.

Akulu anati safunsa anadya phula. Titabwerera tinagwirizana kuti tifunse. Mwana wa mmodzi mwa ife anaphunzira ntchito yojambula anthu kuchipatala, ndiye tinamuitana Lamlungu lina titaweruka ku tchalitchi. Tinamuzungulira ndi mafunso mpaka dzuwa kulowa. Zimene tikuuzeni apazi ndi zimene tinamva kwa iye ndi zimene tinaona tokha titayamba kupita.

Choyamba chimene anatimasulira n'chakuti mnzathu uja anasokoneza makina awiri osiyana. Alipo makina ochizira khansa, amene ife timati owotcha. Amenewo ndi aja a ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chinatsegulidwa mu 2007, kumene Amalawi ena ankatumizidwa pa zaka zimene kwathu kunalibe makina oterowo. Makina amenewo amalunjika cheza champhamvu kwambiri pa malo odwala, dala, kwa masiku angapo, kuti aphe khansayo. N'chifukwa chake khungu limada. Ndiye alipo ena ojambula chabe, otchedwa mammogram. Amenewa sachiza kanthu, amangoona mkati. Amagwiritsa ntchito cheza cha X-ray, chomwe chija amajambulira mwendo wothyoka kapena chifuwa cha TB, chimene Wilhelm Röntgen anatulukira ku Germany mu 1895. Cheza chimene bere limalandira pojambulidwa n'chochepa maulendo zikwi zambiri poyerekeza ndi chimene limalandira pochizidwa. Azakhali aja sanaphedwe ndi kujambula. Anafika mochedwa, ngati mmene anachitira mwana wa mchimwene wawo pambuyo pake.

Ife ndife anthu a pamsika, mawu akuti "n'chochepa" satikwanira. Wogula akanena kuti mwandipimira pang'ono, timamuonetsa sikelo. Ndiye tinamufunsa mtsikanayo kuti, chochepacho n'chochepa bwanji, ndipo amapima ndani? Apa ndi pamene tinadabwa, chifukwa chezacho chili ndi sikelo yake. Muyeso wake amautcha millisievert. Kujambula mawere onse awiri, zithunzi ziwiri bere lililonse, china kuchokera pamwamba china chapambali, kumakwana pafupifupi 0.4. Chithunzi chimodzi cha chifuwa ndi pafupifupi 0.1. Kujambula chifuwa ndi makina aja olowamo ngati mphanga, a CT, kumafika cha m'ma 6 kapena 7.

Nambala zokha sizinatithandize mpaka pamene anatiuza chinthu china chimene sitinkachidziwa n'komwe. Munthu aliyense amalandira cheza tsiku ndi tsiku ngakhale asanapondeko kuchipatala. Chimachokera m'nthaka, m'miyala, mumpweya, kumwamba, ngakhale m'zakudya. Pa dziko lonse, akaphatikiza n'kugawa, munthu mmodzi amalandira pafupifupi 2.4 pa chaka. Inu amene mumawerengetsa chiwongoladzanja ndi mutu mwaona kale yankho: 0.4 ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a 2.4. Ndiye kuti mammogram imodzi ikufanana ndi cheza chimene timalandira pa miyezi iwiri titangokhala pa benchi pathu n'kumagulitsa. Mnzathu anaopa miyezi iwiri imeneyo.

Ndipo chezacho sichitsalira m'thupi. Makina akazima, chatha. Mukhoza kutuluka n'kunyamula mdzukulu, kuphika, kugona ndi bambo kunyumba, palibe chimene mungapatsire munthu.

Tsopano za kufinya zija. Sitikunamizani, amafinyadi. Bere amaliika pakati pa timbale tiwiri n'kulipana mpaka litaphwatalala ngati chitumbuwa. Ena mwa ife tinangomva kukanikiza, ena tinaluma mano, mmodzi anaitana dzina la amayi ake amene anamwalira kalekale, tonse tinamva tili panja. Koma n'zamasekondi ochepa pa chithunzi chilichonse. Ndipo kufinyako, kumene tinkakuyesa nkhanza, ndiko kumachepetsa cheza. Bere likakhala lochindikala pamafunika cheza chambiri kuti chidutse, likaphwatalala pamafunika chochepa. Komanso silisuntha, ndiye chithunzi chimatuluka choyera ulendo umodzi, osabwereza. Zoti chotupa chimaphulika n'kumwazika ndi bodza, lomwe ifenso tinathandiza kufalitsa. Amene mukusambabe, pemphani tsiku loti mwangomaliza kumene kumwezi, pamene mawere sakupweteka.

Funso lathu lachiwiri linali loti amapima ndani. Kwathu a Malawi Bureau of Standards amayendera masikelo kuti wogulitsa asabere anthu. Nawonso makina a X-ray ali ndi owayendera. M'dziko lino bungwe la SAHPRA, limene likulu lake lili konkuno ku Pretoria, ndilo limapereka chilolezo cha makina amenewa, potsata lamulo la Hazardous Substances Act la mu 1973. Chipatala sichingangogula makina n'kuyamba kujambula anthu ngati mmene timagulira firiji. Makinawo amayesedwa nthawi ndi nthawi. Amaikapo chinthu chopangidwa mofanana ndi bere, chokhala ndi timadontho ndi timitsitsi mkati mwake, n'kuchijambula kuti aone ngati chithunzi chikuonetsa tinthu tonseto komanso kuti cheza chatuluka chochuluka bwanji. Makina amakono amalemba okha mlingo umene mayi aliyense walandira pa chithunzi chilichonse, pamodzi ndi kuchindikala kwa bere lake, ndipo zimenezo zimasungidwa limodzi ndi chithunzicho. Titamva zimenezi tinayang'anana. Nawonso ali ndi buku.

Wojambulayo amayenera kukhala wolembetsedwa ku HPCSA, bungwe loyang'anira ogwira ntchito za chipatala. Mukadzapita mudzaone pachifuwa kapena m'chiuno mwake, amavala kabaji kakang'ono. Ife tinkayesa n'ka dzina. Kameneko kamasonkhanitsa cheza chimene iye walandira, ndipo amakatumiza kukawerengedwa. Ndipo mukamuona akuima kuseri kwa galasi pokujambulani, musati akuthawa n'kukusiyani pamoto. Inu mwabwera kamodzi pa chaka kapena pa zaka ziwiri. Iye amajambula amayi tsiku lonse, sabata yonse, chaka chonse. Wogulitsa makala amadziteteza ku fumbi kuposa wogula thumba limodzi. Kwathu ku Malawi nakonso kuli lamulo la Atomic Energy Act la mu 2011 ndi bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority loyang'anira zomwezi.

Koma tisakokomeze mbali imodzi, chifukwa mtsikanayo sanatero. Anatiuza mosabisa kuti chochepa sichitanthauza kuti palibe. Cheza chimene munthu amalandira pa moyo wake chimaphatikizana, ngati mmene timakhobidi ta sabata ndi sabata timafikira pa thumba lalikulu pakutha pa chaka. N'chifukwa chake a chipatala ali ndi lamulo lawo loti munthu ajambulidwe pokhapokha pali chifukwa, ndiponso ndi cheza chochepetsetsa chimene chingatulutse chithunzi chowerengeka. Ndi chifukwa chomwecho sajambula mtsikana wa zaka 25 amene alibe vuto. Mawere a wachitsikana ndi othinana mkati, chithunzi chimangotuluka choyera ngati nkhungu ya pa Dedza, osaona kanthu, komanso thupi lake limamva cheza msanga kuposa la ife akuluakulu. Wachitsikana akapeza chotupa nthawi zambiri amayamba ndi sikani ija ya amayi oyembekezera, yopaka mafuta ozizira, imene ilibe cheza cha X-ray ngakhale pang'ono. Bungwe la CANSA limalangiza kuti mayi amene alibe chizindikiro chilichonse ayambe kujambulitsa akafika zaka 40. Ngati amayi anu kapena achemwali anu anadwalapo khansa ya m'mawere, auzeni adokotala, mwina adzakuyambitsani msanga.

Apa tafika pa vuto limene ndi lathulathu, ife oyendayenda. Mayi wa ku Mamelodi amene anabadwira konkuno amapita chipatala chimodzimodzi zaka zonse, fayilo yake ili pomwepo. Ife lero tili ku Pretoria, mwezi wamawa tili ku Limbe kukasiya katundu, pa Khirisimasi tili kumudzi. Mmodzi mwa ife anajambulitsa kuno, anamuuza kuti kuli kanthu kofunika kukayang'ananso pakatha miyezi 6. Anapita kwawo kukasamalira amayi ake, anakaonana ndi dokotala wa kumeneko alibe pepala lililonse m'manja. Dokotalayo akanatani? Anamujambulanso. Atabwerera kuno anapita chipatala china chifukwa anali atasamuka nyumba, nakonso anayambira pachiyambi. Katatu pa chaka chimodzi, ndalama katatu, cheza katatu, mantha katatu, ndipo palibe dokotala ngakhale mmodzi amene anaika zithunzi ziwiri pamodzi kuti aone ngati kanthuko kakukula. Chonsecho ntchito yaikulu ya zithunzi zakale ndi imeneyo. Mwamwayi sikanali khansa. Koma onani: SAHPRA ikhoza kuyendera makina onse a m'dziko lino, a ku Malawi akhoza kuyendera awo, koma palibe bungwe limene limawoloka Beitbridge limodzi ndi inu. Amene amadziwa kuti bere ili lajambulidwa kangati ndi mwini bere yekha.

N'chifukwa chake nthambi yathu inatsegula tsamba latsopano kumapeto kwa kabuku ka membala aliyense, kuseri kwa masheya ndi ngongole. Pamenepo mayi amalemba yekha tsiku limene anajambulidwa, chipatala chake, mtundu wa kujambulako, kaya ndi mammogram, X-ray ya chifuwa kapena CT, ndi tsiku limene anamuuza kuti abwerenso. Zotsatira salemba pamenepo, zimenezo ndi chinsinsi chake, mlembi alibe nazo ntchito. Tinagwirizananso kuti aliyense akajambulitsa azipempha lipoti lake ndi zithunzi zake pa CD, lipotilo alijambule pa foni, CD aisunge pamodzi ndi pasipoti. Malisiti a katundu timawasunga m'pulasitiki kuti asanyowe, poopa a kasitomu. Izi n'zoposa malisiti. Ndipo dokotala akanena kuti mukajambulitse, muuzeni mwaulemu kuti, adokotala, ndinajambulitsa mwezi wakuti kwakuti, zithunzi ndi izi, kodi pakufunikanso zina? Akati inde zikufunika, pitani osanyinyirika. Dokotala wabwino sakwiya ndi funso limenelo.

Tinapatulanso kathumba kena pambali pa ka maliro. Poyamba panali mkangano, sitibisa. Ena ankati ndalama zogawana pa Disembala zichepa. Amene anathetsa nkhaniyo ndi gogo wathu wamkulu uja, amene anangofunsa kuti, ngolo yonyamula bokosi kuchoka kuno mpaka ku Mangochi ndi ndalama zingati, nanga kujambulitsa ndi ndalama zingati? Palibe anayankha, tinangokweza manja. Kathumbako kamalipira thiransipoti, kamathandiza amene akufunika kupita kwa ojambula olipiritsa, ndiponso kamabwezera pang'ono mayi amene watseka benchi tsiku lonse kuti aperekeze mnzake. Chifukwa lamulo lathu lina ndi limenelo, palibe amapita yekha.

Za kumene mungapite. Boma la dziko lino linatulutsa ndondomeko yake ya khansa ya m'mawere mu 2017, ndipo njira yake imayambira kukiliniki, kumene anamwino amapima ndi manja. Akapeza chokayikitsa amalemba kalata yopita kuchipatala chachikulu, monga Steve Biko Academic, Kalafong ku Atteridgeville kapena Dr George Mukhari ku Ga-Rankuwa. Palinso magalimoto apinki a bungwe la PinkDrive amene amayenda ndi makinawa m'madera, makamaka mwezi wa Okutobala mumawamva kwambiri. Tikudziwa kuti kwa mlendo chipata cha chipatala si chophweka masiku ano. Ena abwezedwapo, ena anyozedwapo chifukwa cha kalankhulidwe. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limati aliyense ali ndi ufulu wopeza chithandizo cha chipatala. Tengani mapepala anu onse, tengani mnzanu wodziwa Sesotho kapena Chizulu, mukabwezedwa lero mubwere mudzatiuze, tidzafunafuna khomo lina limodzi. Anzathu a kumudzi, makinawa kwathu ndi ochepa ndipo amapezeka m'mizinda ikuluikulu, koma manja a anamwino ali paliponse, ndipo Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe amalandira otumizidwa.

Chinthu chimodzi musasokoneze. Zaka 40 zija ndi za munthu amene sakumva kanthu. Koma ngati mwapeza chotupa, kaya m'bere kaya m'khwapa, ngati nsonga ya bere yalowa mkati kapena ikutulutsa magazi, ngati khungu lasintha n'kukhala ngati khoko la lalanje, musadikire zaka, musadikire Okutobala, musadikire galimoto yapinki, musadikire kuti katundu athe kaye. Bungwe la WHO limafuna kuti mayi akafika kuchipatala ndi chizindikiro, pasanathe masiku 60 akhale atadziwa chimene chikumuvuta. Bungwe lomwelo linawerengetsa kuti mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa ya m'mawere pa dziko lonse, ndipo pafupifupi 670,000 anamwalira nayo. Zotupa zambiri sizikhala khansa. Akakuitanani kuti mubwerenso akajambule zina, si ndiye kuti mwapezeka nayo, nthawi zambiri amangofuna kuona bwino malo amodzi. Chimene chimatsimikiza ndi kanyama kakang'ono kamene amatenga ndi jakisoni n'kukapima.

Tsiku lopitalo valani siketi ndi bulauzi, osati diresi, chifukwa mudzavula kumtunda kokha. Musadzole za m'khwapa kapena paudala, timadontho take timaoneka pa chithunzi ngati matenda, ndiye angakujambuleninso pachabe. Ngati mukukayikira kuti muli ndi pakati, kapena mukuyamwitsa, nenani asanayambe. Akanena kuti musapume, musapumedi, ndipo musagwedezeke.

Pakati pathu pano pali mayi amene anapita ulendo woyamba uja, akunjenjemera, atagwira dzanja la mnzake. Anamupeza ndi kanthu kakang'ono kwambiri koti ngakhale manja a anamwino sanakamve. Anamuchita opaleshoni, analandira chithandizo chonse, ngakhale makina owotcha aja anakhalapo. Sitimulozera chala, akafuna adzakuuzani yekha. Tingoti ndiwo za nkhuku zimene mudye lerozi waphika ndi iyeyo, ndipo ngongole yake ya chaka chino wabweza yonse.

Pempho lathu kwa komiti yaikulu ndi lakuti tsamba limeneli lilowe m'mabuku a nthambi zonse pamene tikusindikiza atsopano, ndipo nthambi iliyonse ikakambirane za kathumba kake. Chitsanzo cha tsambalo chili pa tebulo la pakhomo, pamodzi ndi pepala lolembapo maina a amene akwanitsa zaka 40 ndipo sanapimitsepo. Alembi athu akhala pomwepo mpaka titamaliza kudya. Amene mukukwera basi ya mawa m'mawa, tengani matsamba a nthambi zanu lero lomwe.